Mgolo wa m'Galaja ya Royce

"Ndi penti," anatero Royce, osadzutsa n'komwe mutu pambale yake ya mazira. "Ndinakuuza dzulo, ndikukuuzanso lero. Ndi penti."

"Penti uti?" Vonda anaponya kalata ya kuchipatala patebulo, pambali pa khofi wa mwamuna wakeyo. "Nyumba ino anaimanga iwe uli kale pasukulu, penti wa mtovu ataletsedwa kalekale. Werenga, Royce, sindinalembe ine. Mtovu ukadutsa 3.5 m'magazi a mwana, madokotala amayamba kuda nkhawa. Mwana wathu Dessa ali pa 14."

"Ndiye ndi madzi. Mapaipi a m'tauni muno ndi akale kuposa agogo ako."

"Ana a mchemwali wanga Nadine akumwa madzi omwewa. Anawayeza tsiku lomwelo, alibe kanthu."

Apongozi ake a Vonda, mayi Earline Pruitt, anali atakhala pafupi ndi zenera, Dessa wazaka ziwiriyo ali pamiyendo pawo akunyotsola bisiketi.

"Ana inu mukundisokosa," anatero. "Mtovu, mtovu! Ife tinakula galimoto zonse za mu Georgia muno zikumwa petulo wa mtovu. Bambo ake a Royce ankasamba nawo m'manja akaweruka, kenako n'kukhala patebulo kudya. Kodi mtovuwo unawapha?"

"Anamwalira impso zitaima, amayi," anayankha Vonda, "asanakwanitse n'komwe zaka makumi asanu ndi limodzi. Kapu ya tiyi munkachita kuwagwirira."

"Usandiyankhe choncho m'nyumba ya mwana wanga."

"Ndi nyumba yanganso. Ndipo amene mwamunyamulayo ndi mwana wanga."

Vonda anapita kukatsegula chitseko cha kukhitchini cholowera m'galaja. Fungo linalowa nthawi yomweyo, lotsekemera ngati maswiti. Pakona, pakati pa makina ochapira zovala ndi njinga yamoto yakuda ya Royce, panali mgolo wabuluu wa magaloni 55. Royce ankakaudzazitsa kubwalo la mpikisano la kutsidya kwa mtsinje. Pamimba pa mgolowo panali nambala yaikulu, 110, ndipo mmunsi mwake timalemba tofiira.

"Bwera uwerenge apa," anatero Vonda. "Akuti mafuta awa ndi a pabwalo la mpikisano basi, osati a pamsewu, ndipo muli mtovu. Iwe unapikisanapo liti? Njinga yako ulendo wake ndi wa kufakitale ya mtedza, kutchalitchi ndi kukagula nkhuku yokazinga."

"Zimenezo amalemba maloya."

"Buku la njinga yako likuti uzithira 91."

"Bukulonso analemba maloya. Ine ndimamva m'matako muno njinga ikamakoka, Vonda. Iwe sunakwerepo wekha, sungadziwe."

"Sindinakwerepo, koma ndaima pakauntala ya sitolo ya zipangizo zagalimoto zaka zisanu ndi zinayi. Nambala imeneyo si mphamvu. Ingotanthauza kuti mafutawo sayaka msanga akapanikizidwa kwambiri, ndipo amafuna zimenezo ndi mainjini a mpikisano. Yako ili momwe inachokera kufakitale. Ukudziwa amene amandigula sensa ya mupaipi ya utsi kawirikawiri? Anzako omwe amathira pamgolo wakowu. Dewey wagula katatu chaka chino. Mtovu umaipha sensayo m'miyezi iwiri. Ngati ukupha chitsulo, mwana ungamusiye?"

Royce anakankha mbale. "Amuna khumi ndi anayi amabwera pano Lamulungu lililonse chifukwa cha mgolo umenewo. Ukufuna ndikawauze kuti mkazi wanga waletsa?"

"Ukawauze kuti mwana wako akudwala."

"Akudwala pati? Tamuone, akudya bisiketi!"

Dessa atamva fungo lija anatsika pamiyendo pa agogo ake n'kuthamangira kuchitseko. Anakwinya kamphuno kake, n'kukoka mpweya mwamphamvu monga momwe bambo ake anamuphunzitsira.

"Fungo!" anatero, akuseka.

Mayi Earline anaseka nawo. Vonda sanaseke. Ana a msinkhu wa Dessa kutchalitchi ankalankhula kale ziganizo. Dessa anali ndi mawu anayi okha: mama, dadi, ayi, ndi fungo.

Mawu achinayiwo anawaphunzira Lamulungu. Mwambo wake unali womwewo mlungu ndi mlungu. Akatuluka m'tchalitchi, amuna aja ankafika pa njinga zawo, aliyense n'kuthira pamgolo, kenako n'kuliza mainjini pakhomo pa galaja mpaka mazenera kunjenjemera. Akatero ankanjuta kumbuyo kwa mapaipi, n'kumakupizira utsi kumaso ndi dzanja, maso ali tsinzi, ngati anthu olawa msuzi. Royce ankamukhazika Dessa pathanki n'kumati, "Nunkhiza, mwana wa adadi. Limenelo ndiye fungo la liwiro."

Lachitatu m'mawa kunabwera mayi Oglesby, nesi wa zaumoyo wa m'bomalo, mayi wamfupi wosakonda kuseka. Anali ndi kachipangizo kooneka ngati mfuti ya zidole. Anakagunditsa pakhoma la kuchipinda, pamafelemu a mazenera, pabedi la Dessa. Palibe chimene kanapeza. Royce anali atapinda manja pachifuwa, akumwetulira.

Atalowa m'galaja, kachipangizo kaja kanayamba kuonetsa manambala. Pasimenti, pachiundo cha chitseko cha kukhitchini, pabasiketi ya sanza. Mayi Oglesby anatola sanza imodzi ndi nsonga za zala.

"Izi mumachapira kuti, bambo Pruitt?"

"M'makinamo."

"Momwe mumachapira zovala za mwana?"

Royce anayang'ana kumbali.

"Mapulagi ndi tcheni mumatsukira chiyani?"

"Mafuta omwewo. Amachotsa bwino girisi."

"Ndi manja osavala kanthu, kenako n'kukamunyamula mwana." Mayiyo sanafunse, anangonena. "Bambo, utsi wa mafuta amenewa ukazizira umasanduka fumbi. Fumbilo lili pansi apa pomwe mwana amakwawa, ndipo mwana wazaka ziwiri chilichonse amaika kukamwa. Mtovu ukalowa umapita ku ubongo. Sumveka kuwawa, ndipo mwana salira. Mudzaona akadzayamba sukulu. Mgolo uchoke, galaja itsukidwe ndi anthu odziwa, ndipo pakatha milungu inayi mumubweretse tidzamuyezenso."

Nesi atachoka, Royce anaima kanthawi akuyang'ana mgolo wake.

"Tsiku loyeza mahatchi a mphamvu ya injini kwa makanika Clovis latsala milungu itatu," anatero. "Chaka chatha Dewey anandiposa ndi hatchi imodzi, ndipo chaka chonse wakhala akundiimbira nayo nyimbo. Likadutsa tsikulo, tikambirana."

"Tikambirana?"

"Milungu itatu yokha, Vonda. Ndizitseka chitseko."

Vonda sanakuwe. Analowa kuchipinda, n'kulongedza zovala za Dessa ndi zake m'zikwama ziwiri.

"Tili kwa Nadine," anatero ali pakhomo. "Mgolo ukachoka, mwana abwera. Mgolo ukakhala, khala nawo, uziuphikira mazira."

"Udzabwera wekha!" anakuwa mayi Earline ali pakhonde. "Mkazi wothawa nyumba chifukwa cha petulo ndiye ndamuona lero!"

Kwa Nadine kunali kopanikiza. Vonda ankagona ndi Dessa pamatiresi pabalaza, ana atatu a Nadine akuwadumpha m'mawa popita kusukulu. Ankamudyetsa mwanayo nyemba, masamba ndi malalanje monga momwe nesi ananenera. Royce ankaimba foni tsiku lililonse kufunsa za mwana, koma za mgolo osatchula.

Vonda ankamudziwa mwamuna wake. Royce sanali munthu woipa mtima. Anali munthu amene mawu a mkazi, a nesi kapena a pepala ankangomudutsa, koma mawu a amuna khumi ndi anayi aja ankamulowa mpaka m'mafupa. Kuti amve, anafunika amvere pamaso pa iwowo.

Pashelefu yakumbuyo m'sitolo yomwe ankagwira ntchito panali timabotolo tomwe sitinkagulidwa kawirikawiri, tonunkhiritsa utsi wa galimoto za zionetsero. Vonda anatsegula kamodzi n'kununkhiza. Kanali kofiirira, kotsekemera ngati maswiti. Anakagula n'kukaika m'chikwama.

Royce anali ndi chizolowezi chimodzi chosasintha. Loweruka m'mawa ankapopa mafuta pamgolo kudzaza chigubu chake chofiira cha mlungu wonse, n'kuchisiya pafupi ndi njinga, kenako n'kupita kokameta. Loweruka limenelo Vonda anafika iye atangochoka. Anavala magolovesi a labala, anakhuthulira chigubu chija mumgolo, n'kuthamanga nacho pomwetsera mafuta pangodya ya msewu. Anathira 93 wa papampu, wa aliyense, n'kuonjezera tizivindikiro tiwiri ta m'kabotolo kaja. Anachibwezera pamalo pake, chogwirira chikuloza kukhoma monga anachipezera.

Anachita zimenezo Loweruka katatu. Royce sanaonepo kanthu. Mlungu wachiwiri anachita kumuuza pafoni kuti, "Njinga ikukoka ngati yalusa masiku ano. Mgolo uno ndi wabwino kuposa wapita uja."

"Eti," anatero Vonda.

Tsiku la mahatchi linafika kukutentha kwambiri. Kuseri kwa galaja ya Clovis, makanika wamkulu wa gululo, anali atawotcha nkhumba yathunthu kuyambira m'mamawa. Akazi anakhala pamipando yopinda pansi pa mitengo, mayi Earline akugawa tiyi wozizira. M'kati mwa galaja munali makina oyezera mphamvu. Ankamangirira njinga ndi malamba, tayala lakumbuyo likuzungulira pachigudumu chachitsulo, ndipo nambala ya mahatchi inkatuluka pakompyuta yopachika pakhoma.

Vonda anamusiya Dessa kwa Nadine. Anafika njinga ya Dewey ikutsika pamakina.

"147!" anakuwa Clovis. "Watsika ndi awiri, Dewey. Wanenepa kapena?"

"Makina akowa ndi okalamba ngati iwe!" anayankha Dewey, mwamuna wamtali wa ndevu zofiira. "Tiyeni tione wosiyidwa ndi mkaziyu. Royce, aise, njinga yokhayo ndiye sinakuthawe?"

Amuna anaseka. Royce anakankhira njinga yake pamakina nkhope ili gwa. Clovis anamanga malamba, anakwera, n'kupotokola chogwirira cha moto. Injini inalira mpaka malata kunjenjemera, kenako inatsika pang'onopang'ono. Onse anayang'ana kukhoma.

"151!"

Royce anadumpha n'kumenya chibakera m'mwamba. "Mwaona! Chaka chatha 148, lero 151! Dewey, bwera udzagwade! Bwerani nonse mudzanunkhize, ameneyu ndiye 110 weniweni!"

Amuna ananjuta kumbuyo kwa paipi, akukupizira utsi kumaso.

"Eee, koma ndiye ndi wakupsa bwino," anatero wina. "Kumva kukoma mpaka kukhosi."

"Petulo wa papampu sanganunkhire chonchi ngakhale utamupempherera," anatero Dewey. "Ukundibisira mgolo wina iwe, Royce."

Vonda analowa pakati pawo, n'kuika kabotolo kaja pampando wa njinga.

"Achimwene a Clovis," anatero mokweza, "inu ndinu katswiri pano. Tatsegulani aka mununkhize."

Clovis anatsegula, ananunkhiza, anayang'ana paipi, n'kununkhizanso kabotolo. Nsidze zake zinakwera.

"Muthanki imeneyo muli 93 wa papampu ya pangodya paja," anatero Vonda. "Milungu itatu tsopano. Ndimathira ndekha m'chigubu chako, Royce, iwe uli kokameta. Fungo limene mukugwadiralo ndi lamaswiti a m'kabotolo aka. Tili nato tambiri kusitolo, tina tonunkhira mphesa."

Amuna aja anayang'anana. Kenako munthu wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo ena anatsatira.

"Ukunama," anatero Royce.

Clovis anatsegula thanki, anaviika kapepala, n'kukayang'ana padzuwa kuti aone mtundu wa mafutawo. Anamasula pulagi imodzi n'kuitembenuza m'manja.

"Sakunama, m'bale wanga. Pulagi ya mtovu imakhala yotuwa ngati phulusa. Iyi ndi yoyera bwino." Anakanda m'mutu. "Kunena zoona, injini yosasinthidwa sifuna 110. Nthawi zina imatayako mphamvu."

"Ndiye bwanji sunanenepo zaka zonsezi?" anafunsa Dewey.

"Munandifunsa? Nanenso fungolo ndimalikonda."

"Matako a Royce aja amamva liwiro aja atani lero?" wina anakuwa, ndipo phwete linabukanso.

"Sekani mumalize," anatero Vonda, ndipo mawu ake anadula phokoso lonse. Anatulutsa kalata ya kuchipatala n'kuitambasula pathanki. "Mumakonda manambala, eti? 110, 151. Nayi ina. 14. Umenewo ndi mtovu uli m'magazi a mwana wanga, amene mumamuombera m'manja akamanunkhiza utsi wanu. Ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi, ndipo amadziwa mawu anayi. Nesi anayeza makoma, anayeza madzi. Anaupeza pasimenti pomwe inu mumaimika njinga zanu Lamulungu. Mwamudyetsa mwana wanga poizoni chifukwa cha fungo, ndipo ngakhale hatchi imodzi simunapindule."

Palibe anasekanso.

"Vonda!" Mayi Earline anali ataima pakhomo, jagi ya tiyi ili m'manja. "Mwamuna sachititsidwa manyazi pagulu chonchi. Zimenezi ukanakamba kunyumba."

"Ndinakamba kunyumba, amayi. Inu munalipo. Munaseka."

Kumbuyo kwa mayi Earline kunatulukira Lurleen, mkazi wa Dewey, atagwira mimba yake ya miyezi isanu ndi iwiri.

"Vonda, magaziwo amayeza masiku ati?"

"Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa."

"Dewey, sanza zako zija ndimachapa ine ndi manja. Ana athu amaseweretsa chigubu chako. Lachiwiri tonse tikupita, ndipo chigubucho chisalowenso pakhomo panga."

"Koma Lurleen, wokondedwa..."

"Ndati chisalowenso."

Akazi ena anali atadzuka pamipando, aliyense akusakasaka mwamuna wake ndi maso. Royce anamasula malamba yekha. Anatsitsa njinga, anavala chisoti, n'kuchoka osayang'ana munthu. Kalata ija inauluka pathanki n'kugwera pansi. Vonda anaitola, anaikuntha fumbi, n'kudzitengera mbale ya nkhumba, poti kuyambira m'mawa anali asanadye.

Lamulungu Royce sanaoneke kutchalitchi. Lolemba sanaimbe foni.

"Mwina wapitirira muyezo, mng'ono wanga," anatero Nadine. "Amuna enawa manyazi amawasandutsa mwala."

"Akasanduka mwala ndiye kuti ndadziwa chimene ndinakwatiwa nacho," anayankha Vonda. "Dessa sabwerera m'fumbi lija, ndatha."

Lachiwiri m'mawa, tsiku lokayezanso magazi, Vonda akumuveka Dessa nsapato anamva galimoto ikuima panja. Inali pikapu ya Royce. Anatuluka n'kusuzumira kumbuyo kwake. Munalibe kanthu, koma pachitsulo panali chizindikiro chozungulira cha dzimbiri pomwe panakhala mgolo.

Royce anatsika atavala malaya atsopano, mizere ya momwe anawapindira kusitolo ikuonekabe.

"Ndakausiya kubwalo la mpikisano dzulo," anatero, akuyang'ana matayala. "Anthu otsuka aja abwera Lachisanu. Makina ochapira ndataya. Amayi akuti sadzakulankhulanso."

"Adzalankhula akadzafuna mdzukulu."

"Unandivula pagulu, Vonda."

"Ndinakuvula. Ndipo zitafunikanso ndingabwereze."

Royce anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye mubwerera?"

"Akatsuka, mayi Oglesby n'kudzayezanso pasimenti paja. Koma pali china. Ulendo wapita uja ndinamugwira ndekha pomubaya, iwe uli kokagula mapulagi. Lero umugwira ndiwe."

Kuchipatala anapeza Lurleen ali kale pabenchi ndi ana ake awiri, Dewey ali pambali chipewa chili m'manja. Panalinso mabanja ena atatu a gulu lija. Amunawo anangopatsana moni ndi mitu.

Mayi Oglesby anawaitana. Anamuyang'ana Royce kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwasamba m'manja, bambo Pruitt?"

Royce anatambasula manja ake. Anali ofiira chifukwa chokhula, koma m'mbali mwa zikhadabo munatsalabe mizere yakuda. Anapita pasinki n'kusambanso, nthawi yaitali.

"Mayi," anafunsa ali chowerama pasinkipo, "nambalayo itsika?"

"Itsika, pang'onopang'ono, fumbi likachoka. Zimene mtovu watenga kale sindingakulonjezeni kuti zibwerera. Muzimulankhulitsa kwambiri, muzimuwerengera mabuku. Khalani apa. Miyendo yake muipane ndi yanu, dzanja ili muligwire zolimba. Alira, koma musamusiye."

Royce anakhala, n'kumupana mwana wake monga anauzidwira. Dessa anatembenuka, anakwirira nkhope m'malaya atsopano aja, n'kukoka mpweya ndi kamphuno kokwinya. Anakokanso kachiwiri. Kenako anadzutsa mutu modabwa.

"Dadi, fungo?"

Royce anamuyang'ana mwana wake.

"Palibe, mwana wanga," anatero Royce. "Latha."

"Gwirani," anatero nesi, ndipo singano inalowa. Dessa anakuwa mpaka pabenchi panja anamva. Royce sanamusiye, ndipo sanayang'ane kumbali.